A Masekondi ndi Makadi Anga

Malemu a Masekondi sankalola chinthu kuchitika osachiyeza pa wotchi. Ketulo ya ku ofesi inkawira pa mphindi zinayi ndi masekondi khumi. Pemphero la bwana lotsegulira msonkhano linkatenga mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo iwo ankapemphera diso limodzi lili pamkono. Akazi awo ankati ngakhale pa ukwati wawo anakodola abusa kuti nthawi yapitirira. Dzina lawo lenileni tinaliiwala.

Iwo ndi amene ankasamala seva ya pachipatala chathu, bokosi lakuda losunga mayina a odwala onse. Ine ndinali wa makadi. Zaka makumi atatu ndinasunga makadi a odwala m'makabati, mpaka bokosilo linandilanda ntchito. Kalata yondipumitsa inali italembedwa kale, inkangodikira bwana kuti asaine.

Kenako kunabwera anthu a kampani ina kudzaika pulogalamu yatsopano mu seva. Anamwa tiyi, anatigwira chanza, napita. M'mawa mwake dzina la wodwala, limene linkatuluka pa masekondi awiri, linatenga masekondi 94. A Masekondi anayeza katatu, thukuta lili chuchuchu. Mzere wa odwala unafika kugeti.

"Madala," bwana anandiitana, "makiyi a makabati aja mukadali nawo?"

Anali m'thumba mwanga. Kalata ija inalowa m'dirowa.

Masabata atatu ndinali munthu. Anamwino ankandipatsa moni kawiri patsiku. A Masekondi anasintha mawaya, anapukuta fumbi, anaimbira a kampani aja, amene anayankha kuti kwawoko zonse zikuyenda bwino. Anazimitsa seva n'kuiyatsanso. Anaiopseza kuti aigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Iyo inakwera kufika pa 110.

Tsiku lina a Masekondi anaima kumbuyo kwanga, maso pa wotchi.

"Khumi ndi limodzi basi. Achimwene, mumatani kuti khadi lipezeke msanga chonchi?"

"Sindiyambira koyambirira ayi. Onani timapepala tolimbati. Apa A, apa B. Ndimangolumphira pa chilembo."

Pomwepo ndinazindikira kuti ndalankhula zambiri.

"Ndi zimenezo," anatero pang'onopang'ono. "Anthu aja posamutsa mayina anasiya kalozera. Bokosili likuwerenga dzina lililonse kuyambira loyamba, ngati mwana wa sitandade wani. Imeneyi ndi ntchito ya mphindi makumi awiri."

"A Masekondi, mukakonza, ine ndapita."

"Ndikudziwa."

"Chaka chatsala ndi miyezi iwiri. Ndimalize chaka chokha, ndichoke ngati munthu. Makadi ndikukwanitsa, palibe wodwala akubwerera osathandizidwa."

Anandigwira dzanja. "Sindikhudza. Mulungu akuona."

Anapirira masiku anayi. Ndinkawaona akudutsa pa kauntala atatembenukira kukhoma, milomo ikuwerenga yokha. Lachinayi anavula wotchi n'kuiika m'thumba. Lachisanu ndinawapeza kuseri kwa chitseko akuisuzumira ngati wakuba. Lolemba ndikufika, mzere kulibe, bwana akumwetulira, cholembera chili m'manja.

"Awiri," anandinong'oneza a Masekondi, maso ali pansi. "Pepani achimwene. Nthawi zina imodzi ndi theka."

Ndinapereka makiyi n'kutenga chipewa changa. Anthu amati odwala anapindula, ndipo sinditsutsa. Koma munthuyo anandigwira dzanja, ndipo nzeru imene anakonzera bokosilo anaitenga m'kabati mwanga.

Masiku ano akuti bokosilo layambanso kuchedwa. Ukafunsa kuti likuchedwa bwanji, amangoti kwambiri. Palibe wodziwa nambala yake. Ketulo imawira nthawi imene yafuna, ndipo pemphero la bwana akuti likukulirakulira popanda woliletsa.

Nditamva kuti a Masekondi agonekedwa m'wodi ya abambo pachipatala chomwecho, ndinazengereza masiku angapo, kenako ndinapita. Ndinawapeza ataonda, lamba wa wotchi atamuboola bowo latsopano kuti asagwe pamkono. Ankayeza madontho a diripi. Ndinakhala pampando. Anayang'ana wotchi, kenako ine.

"Zaka ziwiri, miyezi itatu ndi masiku asanu ndi anayi chichokereni inu pano," anatero. "Mwachedwa kuposa seva, achimwene."

"Ndikadali wokwiya."

"Kwiyani," anatero, akukweza mkono movutikira. "Ndikuyeza."