Nkhondo ya Mizere ya Choko

Khalani pansi, mutseke pakamwa, ndili ndi zochapa zikundidikira. M'masiku aja pamene wailesi inkalira m'mawa uliwonse kuti mzinda wathu ukubwerera m'mbuyo chifukwa antchito manja ali m'thumba, m'chaka chimene fumbi linakuta misewu ndipo ntchentche zinkauluka mwaulesi, kunabuka nkhondo imene mpaka lero anthu akalowa m'kanjira ka kuseri kwa msika amaitchula monong'ona.

M'kanjirako munali nyumba ya zipinda zinayi. Chipinda chakumapeto, chamdima ngati m'mimba mwa ng'ombe, chinali cha Mayi Telala, Mkango wa Singano, Wodula Nsalu Osayeza Kawiri, Iwo Amene Sanenereredwa. Zaka khumi ndi zisanu zosokera mumdima zinawadya maso. Polowetsa ulusi pasingano ankatuluka panja, ndipo mwezi umenewo anasokera mkono wa malaya a mwana wasukulu pakhosi, mwanayo n'kupita kwawo ngati njovu.

Tsono wosoka nsapato atasamuka, chipinda cha kumsewu, chokhala ndi zenera lalikulu, chinatsala chopanda munthu. Mayi Telala ankalifuna zeneralo ngati mpweya. Koma ankalifunanso a Mbaliwali, wowotcherera zitsulo, Chiphaliwali cha Pakhonde, amene ankagwirira ntchito panja ndipo chipindacho ankangofuna kuti azigonekamo njinga yawo. A Lumo, wometa, analowa nawo mpikisano poopa kutsalira.

Alandilodi, amene wailesi inawalowa m'mutu, anaima pakhonde atagwira choko.

"Mzinda uno ukufa ndi ulesi! Chipinda chipita kwa wolimbikira. Ntchito imodzi, mzere umodzi pakhoma. Lachisanu tiwerenga."

"Bambo," anatero Mayi Telala, "suti ya masiku atatu ndi mutu wa mphindi khumi, zonse mzere umodzi?"

"Ntchito ndi ntchito, amayi. Wailesi sinasiyanitse."

Lolemba dzuwa lisanafike pamutu, a Lumo anali ndi mizere khumi ndi inayi, a Mbaliwali ziro, Mayi Telala ziro. Apo m'pamene mkango unadzuka. Anakankhira pambali madiresi a eni ake, nayamba kusoka mabatani, batani limodzi mzere umodzi. Mabatani atatha anayamba matumba. Anasoka thumba pa siketi, thumba pa chipewa, thumba pa nsalu ya patebulo, thumba mkati mwa thumba linzake.

A Mbaliwali ataona khoma likuyera, anasiya geti la kasitomala lili theka, natenga chitsulo chimodzi, kuchidula pakhumi, kuchilumikiza, kuchidulanso. A Lumo ankameta munthu mbali imodzi, kumutulutsa kuti akapume mphepo, n'kumuitananso ngati kasitomala watsopano. Bambo wina wadazi anametedwa katatu asanapereke moni.

Lachitatu a Lumo anagonja, pakuti m'kanjira monse munalibenso tsitsi, ndipo agalu ankawazemba. Anatsala akuluakulu awiri.

"Inu a Mbaliwali, Wonyenga Zitsulo!" anafuula Mayi Telala ali pakhomo, sizasi m'mwamba. "Chitsulo chimenecho mwachipha kangati? Chikanakhala ndi abale chikanakusumirani!"

"Nanga inu, Mayi wa Matumba? Dzulo ndinayanika thaulo langa apa, ndalipeza lili ndi matumba anayi! Ndiziikamo chiyani, sopo wa mtundu wonse?"

"Muziikamo nzeru, mukazipeza."

Makasitomala ankabwera, kuyang'ana, n'kubwerera. Mwini geti ankagona ndi mbuzi zake pabalaza. Mwini diresi anapita kuukwati atavala yunifomu ya kuntchito. Koma alandilodi ankayenda chonyada, akuuza aliyense kuti panyumba pawo ntchito yakwera kakhumi.

Linafika Lachisanu, tsiku loopsa, mizere ili mazana awiri uku, mazana awiri uko. Mayi Telala anakhala pamakina napalasa ngati akuthawa ng'ona, nyumba ikunjenjemera, ulusi ukufuka, mpaka chopondera chinalira kuti thyo! n'kugwa pansi zidutswa ziwiri. Mphindi yomweyo a Mbaliwali, powerama kuti anyamule chitsulo chawo chozunzika chija, thalauzi linang'ambika kuchokera palamba wakutsogolo mpaka palamba wakumbuyo, phokoso lake n'kuimitsa minibasi pamsewu. Ngwaziyo inathawira kuseri kwa geti losatha lija, loti mipata yake mwana wa ng'ombe akhoza kudutsa.

Kenako kuseri kwa getiko kunamveka mawu aang'ono a Mbaliwali.

"Achemwali."

"Lero ndakhala achemwali?"

"Tandisokereni. Kukubwera azimayi akutchalitchi kudzatenga mbaula."

"Makina afa. Ndipo pamanja, mumdima muno, ndingakusokereni miyendo yonse pamodzi."

"Chopondera ndiwotcherera."

"Chimenecho n'cha thalauzi mbali yakumanzere. Yakumanja?"

"Mayi inu, mulibe chisoni?"

"Chisoni ndinasiya kuchipatala pobereka wachisanu. Mukuchiona chitseko changa chachitsulochi? Mundiboolere zenera. Lalikulu, loti ndizionera nkhope ya munthu asanayambe kunama."

"Laling'ono, ngati buku."

"Azimayi aja ndi awo akukhota pakona."

"Lalikulu! Lalikulu!"

Motero a Mbaliwali, atamanga m'chiuno thaulo la matumba anayi, anagwada pamaso pa mdani wawo nadula chitseko, moto ukuthetheka ngati kutha kwa dziko. Chidutswa cha chitsekocho chitagwa, dzuwa linalowa m'chipindamo koyamba chimangidwire nyumbayo, ndipo Mayi Telala anapeza masizasi atatu amene ananamizira anthu osalakwa kuti anaba.

Alandilodi anafika ndi choko chawo. Poona chitseko chawo chabooledwa anatsegula pakamwa, koma lamulo ndi lamulo: analemba mzere. A Mbaliwali anapambana ndi umodzi.

"Makiyi, bwana," anatero wopambanayo.

Alandilodi anakanda m'mutu mometedwa mbali imodzi. "Chipinda chija ndinapatsa alamu anga Lolemba. Akusungiramo firiji yakufa."

Palibe anakwiya, mphamvu zinali zitatha. Mtendere unakhazikitsidwa madzulo omwewo. A Lumo, posowa mutu, anameta burashi yopukutira nsapato mwaulemu wonse, anthu akuwomba m'manja. Chitsulo chodulidwa kambirimbiri chija anachinyamula anthu anayi n'kukachigoneka pansi pa mtengo kuti chipume. A Mbaliwali anaguba kanjira konse atavala thalauzi lawo, limene tsopano linali ndi thumba pamalo pomwe panang'ambika.

Ndipo Mayi Telala, Mkango wa Singano, anakhala pampando wawo, osadzuka, osatuluka panja, nalowetsa ulusi pasingano kamodzi n'kamodzi. Anayang'ana zenera lawo nthawi yaitali, misozi ikulengeza.

Kenako anasoka katani, chifukwa dzuwalo linanyanya.