56 Ija Inali Yanga

Lolemba

A Kamtedza. Ndiyambe ndi dzina limeneli, kuti ndikafa mwadzidzidzi anthu adziwe amene anandidulira njira.

Anali mphunzitsi wathu wa sayansi ku Fomu 3. Funso pa mayeso: ukawotcha magalamu 100 a mwala wa laimu, utsala ndi laimu wolemera bwanji? Ine ndinalemba 56. Basi, 56, poti ndinawerengera m'mutu. Lameki, amene ankakhala pambali panga, analembanso 56, koma iye anadzaza tsamba lonse ndi masamu a mamolo. A Kamtedza amvekere: "Yankho lopanda njira ndi lakuba." Zikoti pamaso pa kalasi yonse. Bambo anga atamva anati thonje lawo silingaphunzitse wakuba. Sukulu inathera pomwepo. Lameki anakafera ku Lilongwe ali ndi galimoto. Ine ndikadali pa Golomoti pano, njinga yopanda mabuleki.

Dzulo ndamva kuti nkhalambayo ikadali moyo, ikusungidwa kwa mwana wake wamkazi cha ku Mua. Ndiye sabata ino:
kutola miyala, makilo 10,
kuiwotcha,
kukapima laimuyo pakhonde pawo, aone okha makilo 5.6,
kuwanenera njira yonse pakamwa, molo ndi molo.

Lachiwiri

Miyala ndatola kuphiri. Msana ukudandaula, ulekeni.

Sikelo ndabwereka kwa a Mbewe ogula mpunga. Ndikuika miyala, ikuti 10. Ndikuchotsa, ndikuikanso yomweyo, ikuti 9 ndi theka. A Mbewe akuti, "Imeneyo inazolowera mpunga, madala." Mbava.

Ndikuloweza njira m'buku limene mdzukulu anasiya atalemba mayeso. Molo ndi mmene asayansi amawerengera tinthu tosaoneka ndi maso, ngati mmene timawerengera mazira pa thireyi. Molo imodzi ya mwalawu imalemera magalamu 100: kalisiyamu 40, kaboni 12, okosijeni atatu 48. Makilo 10 ndiye mamolo 100. Molo iliyonse ya mwala ikapsa imabala molo imodzi ya laimu, magalamu 56, ndipo 44 enawo amathawira m'mwamba ngati mpweya. Zimenezi n'zoti munthu abere?

ANabanda, mkazi wanga: "Inu, mukukangana ndi ndani kuseri kwa nkhokweko?"

Lachitatu

Ndakumba dzenje, ndayala makala, miyala pamwamba, nkhuni pamwamba pake. Dzuwa la kuno kuphatikiza moto, malaya achita kumata.

Nkhunizo ndi za aNabanda. Akuti, "Anzanu ali ku Bwanje kumunda, inu mukuphika miyala. Ikapsa mundiitane, ndibweretse mchere."

Ine ndikusonkhezera moto. Munthu amene sanamenyedwepo chifukwa cha yankho lolondola sangamvetse.

Lachinayi

Ndafukula, ndapima: makilo 8 ndi theka!

Miyalayo kunja yayera, koma ndikaswa, mkati ndi mwala weniweni, gwa, ngati mutu wa a Kamtedza. Moto unachepa. Mpweya uja wa 44 wakanirira mkatimo, sukufuna kutuluka.

Ndaphwanya miyala timiyalatimiyala. Chala chachikulu ndaphwanyira limodzi. Nkhuni zatha, ndiye zalowa m'dzenje ndi izi: chitseko chakale cha khola, mpini wa khasu, mitengo iwiri ya mpanda wa bafa. Bafa lapendekera kumsewu. ANabanda asamba ndi chitenje, sakundilankhula. Bola.

Lachisanu

M'mawa sikelo ikuti 6. Kachiwiri ikuti 5 ndi theka. Pakati pa mabodza awiri a a Mbewe pali choonadi changa. Ndathira laimu m'ndowa, ndavindikira, ndapita kumsika kukamatitsa chubu cha njinga.

Pobwera ndikupeza khoma la khichini lili mbee. ANabanda ali ndi tsache m'manja, ndowa ikufuka nthunzi. Athiramo madzi. Akuti, "Laimu ndi wopaka nyumba. Lamulungu kubwera amayi a mphakati. Inu mumati mumudye?"

Ndakhala pansi pa mtondo. Mutu ukuwerengera wokha: molo ya laimu 56, molo ya madzi 18, pamodzi 74. Ndiye kuti chimene chili pakhomapo chikanauma chonse chikanalemera makilo 7.4. Ngakhale chipongwe cha mkazi wanga chikutsata mamolo. Koma khoma ulinyamula bwanji pa njinga?

Ndakokota zotsala, zakwana m'chitini cha mkaka.

Loweruka

Ku Mua, chitini pa keriyala. Sikelo ndasiya, ndikapima chiyani?

A Kamtedza ali pa mpando wa ndalema pakhonde, aonda ngati bango, maso achita nkhungu. Dzanja lija linkagwira chikoti likulephera kugwira kapu. Sindikuwamvera chisoni. Ndaima chilili, ndayamba: mamolo 100 a mwala, mamolo 100 a laimu, molo iliyonse magalamu 56, pamodzi makilo 5.6. Osaphonya ngakhale pamodzi. Akugwedeza mutu. Akumwetulira. Andigwira dzanja.

"Lameki! Ndakuzindikira ndi njira yako yoyerayo. Nanga kamnyamata kakuba kaja kankakhala pambali pako kanathera kuti?"

Ndikuti kamnyamatako ndine amene. Akuti, "Eya, usamakhale nako pafupi."

Mwana wawo akundinong'oneza: "Ingovomerani, bambo, masiku ano amasokoneza." Wandipatsa thobwa. Ndamwa. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndamwa, ndipo ndathokoza.

Chitini ndabwerera nacho. Panjira chubu chaphulikanso.

Lamulungu

Amayi a mphakati akuyamikira khoma. "Laimu wabwino chonchi munagula kuti, aNabanda?" Iwo akuti, "Timapanga tokha." Timapanga.

Bafa likadali chopendekera. Chala chatupa. A Mbewe atuma mawu kuti sikelo yawo yabwerako ikuyera ndipo yayamba kunama mokomera alimi.

Ndauza aNabanda kuti ndikafa atenge laimu wa m'chitinimu alembe 56 pamanda anga. Akuti anthu adzayesa ndi zaka zanga, adzati mkuluyu wabera mpaka kumanda.

Ndatopa. Satifiketi sindikuifuna, ndikaionetsa kuti ndi imvi izi. Kupepesa asapepese. Ndikufuna chimodzi chokha ndisanatsike m'dzenje: tsiku lina mutu wa a Kamtedza ukayera ngakhale pang'ono, anditchule dzina langa, langa osati la Lameki, anene ndi pakamwa pawo kuti 56 ija inali yanga.