Tsiku Limene Ndinachapitsa Bwana Wamkulu Malaya

Anzanga, mukamva kuti munthu wafa ndi manyazi musamatsutse, ine ndinatsala pang'ono. Paja ndimagwira ganyu yotsatsa malonda pa kampani ija yopanga sopo ndi mafuta odzola, ndiye atatiuza kuti bwana wamkulu watsopano akubwera ku Chongwe kudzaona mmene timagulitsira sopo wathu wakalekale wamtanda uja, ndinati basi, lero akandiona andilemba ntchito yokhazikika. Bwanayo ndinali ndisanamuonepo, ndinkangodziwa kuti ndi a Phiri. Ndinagula mpaka tambala ku Kanakantapa, poti kwathu ku Chipata mlendo wolemekezeka sabwerera chimanjamanja.

Galimoto itaima pamsika munatsika bambo wa suti, mimba iyo, nsapato waliwali. Pambuyo pake mayi wa chitenje ndi mapatapata, ine n'kuganiza kuti angomuthandiza ulendo. Inu mukanaganiza chiyani? Ndinathamanga, kugwada pafumbi, kuwomba m'manja, tambala uja n'kumupereka kwa bambo wa suti. Iwo akuti, "Iyayi imwe, ine ndine..." ine n'kuwadula, "Osadandaula ba bwana, ni mwambo chabe!" Ndinawakhazika pa mpando umodzi wokhawo umene tinali nawo.

Kenako ndinayamba kufotokozera anthu mbiri ya sopo wathu, kuti mdala amene anayambitsa kampani ankaphika sopoyu mu diramu kuseri kwa nyumba. Nditaona kuti anthu sakuseka ndinathirako mchere, ndinati mdalayo anali ndi akazi atatu ndipo sopo anamuyambira kuti aziwagawira asamakangane. Mayi wa chitenje uja anakweza dzanja. "Mukazi anali umozi chabe."

"Amayi, mbiri ya kampani mutisiyile ise eni ake," ndinatero. Ndipo kuti akhale chete ndinawaitana kutsogolo, beseni ilo, sopo uyo, malaya anga opaka makala ndi tomato, achape anthu aone thovu. Anachapa ndithu! Bambo wa suti thukuta kamukamu, akundiphethira diso, ine n'kumati eya, bwana wakondwera nane. Pofuna kuwacheza amayiwo ndinawanong'oneza kuti, "Sopo uyu kale anali mukulu, koma atsogoleri ba manje anamuchepesa. Osauza ba bwana." Iwo anangoti, "Oho, pitilizani."

Nthawi yomweyo kapitawo wathu, ba Mulenga, anatsika minibasi atachedwa. Anayang'ana ine, anayang'ana beseni, n'kugwira m'mutu. "Madamu Phiri, mayo ine, muchita chani?"

Mutu wanga unaima. Madamu uti? Nanga wa suti wafungatira tambalayu ndani? Akuti ndi dalaivala. Nanga mdala wa diramu uja? Akuti ndi bambo awo a Madamuwo, owabereka. Ndinafuna kugwada koma sindinadziwe kuti ndigwadire mbali iti, ndinangozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, n'kupezeka ndagwadiranso dalaivala yemweyo.

Madamu anafinya malaya anga bwinobwino, n'kundipatsa m'manja. "Za kuchepa kwa sopo namvela, tizakambilana ku ofesi. Nchito yanu nizasaina tsiku lamene muzanionetsa akazi awili enawo, cifukwa amai anga afuna kuwadziwa."

Mpaka lero ndidakali pa ganyu, ndipo tambala anapita ndi dalaivala. Mbiri ya anthu sindidzathiranso mchere, ndalumbira. Ndipo mayi aliyense wa chitenje akatsika galimoto ndimagwada kaye, mafunso pambuyo. Dzulo ndagwadira wogulitsa kapenta.