Ndalama za Mwana Zapita Kukasaka Nswala

Lolemba, 8 Sepitembala

Choyamba lero: ndatsegula chitini. Muli K1,800. Ndi ndalama za mwana amene ali m'mimba. Anesi ku kiliniki ya kuno ku Kabwata akuti amake Dali atsala ndi masabata atatu, mwina awiri, mwina mawa. "Mwina mawa" ameneyu ndiye akundiwawitsa m'mimba ine, ngati woyembekezera ndine.

Zofunika tsikulo:
- ndowa ndi beseni
- zitenje
- thonje, magolovesi, pulasitiki yoyala
- tizovala, bulangete, matewera
- ya takisi, poti mwana sadziwa nthawi ya minibasi

Zomwe ndagula kale: ndowa.

Ntchito ya mapaipi yafa mwezi uno. Woodlands yense palibe chimbudzi chotsekeka ngakhale chimodzi. Kodi anthu akudya chiyani?

Masana abwera alamu anga ba Gift, achimwene ake a amake Dali. Abwera ndi nzeru. Nzeru amakhala nazo tsiku lililonse, ntchito ndiyo alibe. Akuti kuseri kwa Chongwe kuli mafamu oweta nyama zakutchire. Umalipira, umawombera nswala, amakupatsa pepala, umabwera nayo m'tauni dzuwa likuswa mtengo, wapolisi n'kumakupatsa moni. "Mlamu, bamadamu ba ku Kabulonga bafuna nyama ya musanga. Uika imozi, uchosa zibili!"

Tikhala atatu: ine, ba Gift, ndi ba Chanda oyandikana nafe nyumba, chifukwa ali ndi kavani. Ntchito yanga ndi kusankha mlenje wotitengera kumeneko. Akuti poti ine ndimafunsa mafunso mpaka munthu kutopa.

Amake Dali: "Ndalama ndi zanu, mimba ndi yanga. Tsiku likafika musadzandiuze za nswala."

Ndatenga mawu amenewa ngati chilolezo.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Ndavala shati ya kutchalitchi.

Mlenje woyamba, Kabulonga. Si mlenje, ndi kampani. Geti, mlonda, agalu awiri onenepa kuposa Dali. M'kati muli mitu ya nyama khoma lonse, ikundiyang'ana nsapato. Mtsikana wa pa desiki wandipatsa pepala lonyezimira. Mitengo yonse ndi madola! Muli kandege, tenti yokhala ndi bafa, wophika, vinyo. Ndamuuza kuti bafa ndingasambe kunyumba, achotse. Akuti sizichotsedwa.

Wandionetsa mutu wina wa nyanga zanthambi ngati foloko. Akuti abwana anakauwombera ku America, nyama yake imathamanga ngati galimoto pamsewu wa Great East. Ndafunsa kuti inatulutsa makilo angati. Sakudziwa. Makasitomala awo amangofuna mutu, nyama amasiyira antchito. Mutu! Wouma! Ndatsala pang'ono kufunsa ngati akulemba antchito.

Mpopi wa kuchimbudzi kwawo ukudontha. Ndasiya nambala.

Mlenje wachiwiri, m'tauni, kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Nambala yake anandipatsa ndi ba Gift. Mnyamata wa magalasi akuda, maso ali uku ndi uku. Mtengo wotsika zedi. Ndafunsa za pepala. "Pepala ya chani, bosi? Tiyenda na tochi." Ndaona pomwepo amake Dali akundibweretsera chakudya ku ndende, khanda kumsana, Dali akufunsa kuti adadi ali m'khola chifukwa chiyani. Ndanena kuti ndikagule madzi. Sindinabwerere.

Minibasi zinayi lero. Nswala ziro.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Chelstone. Mlenje wachitatu: ba Mvula, mkulu wa imvi, kale anali mlonda wa nyama ku Luangwa. Andiuza za iwo ndi a dikoni a kwathu.

Ndisanalowe ndayang'ana thanki yawo ya madzi. Yakhala mowongoka, mapaipi omangidwa bwino, palibe dontho pansi. Munthu wosamala.

Mafunso anga:
- Laisensi ya mfuti ilipo? Ilipo. Ndaigwira ndi manja.
- Famu ndi yoona? Andiimbira mwini wake ndili pomwepo.
- Pepala lonyamulira nyama? Limaperekedwa pa geti.
- Njoka? Aseka.
- Netiweki ilipo, amake Dali akafuna kundipeza? Pa chulu chimodzi chokha.
- Ndani awombere? "Amene mukufuna."

Ndikufuna awombere iwowo. Ine mfuti sindinaigwirepo. Ba Gift akuti anawomberapo, koma ba Gift anachitapo chilichonse.

Nswala yamphongo ndi K6,000. Theka lero, theka tikagulitsa nyama, poti mwini famu amawakhulupirira ba Mvula. Kenaka andigwira dzanja osalisiya. "Mwana wanga, lamulo la pafamu ndi limodzi. Magazi akagwa paudzu, nyama mwagula. Ipezeke, isapezeke."

Ndawauza abwerezenso. Abwereza. Ndabwereza ine. Ndawaimbira ba Gift ndi kuwabwerezera. Akuti "osadandaula, mlamu." Mawu amenewa ndi amene amandidandaulitsa.

Ndalipira gawo langa, ndi la ba Mvula lotiperekeza. Chitini chapepuka, chikungolira ngati chisekese.

Loweruka tikupita!

Lachinayi, 11 Sepitembala

Tsiku lokonzekera.

- mchere, thumba lalikulu
- matumba a pulasitiki
- mpeni ndanola pa sitepe
- sikelo ndabwereka kwa amayi ogulitsa kapenta
- mafuta a kavani, gawo langa ndapereka

Firiji yathu ndi yaing'ono, mungalowe mchira wokha. Ndapangana ndi amayi a pa shopu kuti tisunge m'firiji yawo yaikulu, ndidzalipira Lolemba. Ndafunsa kuti nanga magetsi akazima? Akuti "tipempela." Ndawerenga maola omwe magetsi amazima kuno. Ndagula mchere wina.

Ba Gift abwera ndi jekete ya mawangamawanga yogula pa salaula, pa zovala zakale, ndi chipewa. Akuyenda monyang'ama pakhonde, Dali ali pambuyo akutsanzira. Akuti makasitomala apeza kale, onse a ku Kabulonga ndi Woodlands. Ndaona mayina pafoni. Anthu asanu ndi mmodzi. Aliyense amulonjeza mwendo wakumbuyo.

Nswala ili ndi miyendo yakumbuyo iwiri!

Akuti tidzaona pomwepo, "bamadamu sibaziba kusiyanisa."

Ba Chanda ali pansi pa kavani tsiku lonse, akungooneka mapazi. Iwo ndi Mbemba, ine wa kum'mawa, ndiye chimbuya, nthabwala zonyozana za mitundu yathu, sichitha. Akufuula ali pansipo: "Iwe mbuya, uzibe kuti impala sibakumba na khasu monga mbeba!" Ndawayankha kuti asadzalire akaona anyani a pafamu, si abale awo onse. Aseka mpaka kugunda mutu ku chitsulo.

Amake Dali miyendo yatupa. Ndawathirira madzi ofunda m'ndowa ija. Ndowa ndi yabwino, sikudontha.

Mwana akumenya kwambiri. Ndamuuza adikire Lolemba.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Zavuta.

Ba Mvula abwera madzulo kudzaona kavani ngati ingapirire msewu wafumbi. Ayang'ana matayala, agwedeza mutu, akuti ifika Mulungu akalola. Ndawalowetsa m'nyumba. Amake Dali atuluka kuchipinda ndi tiyi, mimba patsogolo.

Ba Mvula aika kapu pansi osamwa.

"Awa ndi akazi anu?"

Ndavomera. Ndimati andiyamikira.

"Ndiye inu simupita."

Akuti mwamuna wa mkazi wapakati salowa m'tchire ndi alenje. Thupi lake limalemera, nyama imamumva patali, chipolopolo chimakhota. Ndawauza kuti sindiwombera ine, ndingonyamula mchere. Akuti ngakhale kuyang'ana kokha. Ndawauza kuti ine ndi wa mpingo. Akuti iwonso ndi mkulu wa mpingo. "Mpingo ndi mpingo, mwana wanga. Tchire ndi tchire."

Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze Lachitatu. Akuti ndinafunsa za njoka, za netiweki, za laisensi, koma za mkazi sindinanene. Zoona. Ndani amauza mlenje za mimba?

Ndati ndiye andibwezere ndalama. Zapita kale kufamu.

Ndimafuna kulimbana nawo. Koma anena chinanso, motsitsa mawu kuti amake Dali asamve: bambo akaona nyama ikugwa, mwana amabadwa ndi chipsera pomwe chipolopolo chinalowa. Ine zimenezi sindikhulupirira. Sindikhulupirira ngakhale pang'ono.

Sindipita.

Ndawakokera pambali ba Chanda: mfuti isachoke m'manja mwa ba Mvula. Ndawakokera pambali ba Gift: mlamu, chonde, mfuti musaigwire. Akuti angojambulitsa nayo chithunzi basi.

Amake Dali amva zonse, khoma lathu ndi la pepala. "Ndiye mimba yanga yakuthandizani kusunga shati yoyera."

Loweruka, 13 Sepitembala

Anyamuka m'mawa. Ndawapakirira mchere, matumba, mpeni, sikelo. Ba Mvula akuti ndisakhudze chikwama cha mfuti. Ndaima pa geti ngati mkazi wa msilikali.

Ndachapa. Ndasesa. Ndakonza mpopi wathu womwe sunawonongeke.

Foni ili m'thumba la shati, pamtima.

Chakumasana: uthenga. Chithunzi cha ba Gift, jekete, chipewa, mfuti paphewa. Chabwino. Chithunzi ndi chithunzi.

Chithunzi china. Mfuti ili m'manja, diso limodzi latsinzina.

Ndaimba. Sikulowa. Achoka pa chulu.

Ndaimbanso. Ndaimbanso. Dali akufunsa chifukwa chake ndikuzungulira mtengo wa mapeyala.

Dzuwa litapendeka foni yalira. Ba Chanda, mawu ali pansi ngati pamaliro. "Mbuya, nkala pansi." Akuti anapeza gulu la nswala pafupi ndi damu. Yamphongo yaima bwinobwino, yapereka nthiti. Ba Mvula akuika ndodo zotsamiritsira mfuti, mfutiyo apatsa ba Gift kuti awagwirire kamphindi. Kamphindi! Phuu!

Ndafunsa: yagwa?

Yadumpha.

Ndafunsa: magazi?

Akuti: "Pang'ono chabe."

Pang'ono chabe! Ndafunsa ngati sangapondepo ndi nsapato. Akuti wantchito wa pafamu wafika kale, wathyola udzuwo, wauika m'thumba la malaya.

Aitsata mpaka kulowa kwa dzuwa. Ba Mvula akuti chipolopolo changopala ntchafu, nswala yotere imathamanga mpaka mawa. Yalowa m'mitengo yowirira, mapazi asokonekera ndi a zinzake.

Afika kuno kutada, fumbi mpaka m'makutu. Atsitsa mchere, matumba, mpeni, sikelo. Zonse zoyera. Ba Chanda atulutsa kamtengo ka mbewa zowamba, agula pamsewu, akagwira ndi zala ziwiri kutali ndi mphuno. "Tenga, mbuya, ungagone na njala." Ndimafuna kuwatukwana. Koma ndalandira.

Ba Gift anatsikira ku Chelstone. Akuti ali ndi kokaona munthu.

Lamulungu, 14 Sepitembala

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki sindinaumve. Ndimangoona miyendo isanu ndi umodzi.

Ba Mvula aimba foni tikutuluka. Sakukalipa. Akuti agona akuganiza, ndipo cholakwa achipeza: ine ndinatsala, inde, koma ndalama zanga zinapita. "Munazitenga kuti?" Ndanena kuti m'chitini cha mwana. Apuma mozama. "Ndiye ndalamazo nazonso zinali ndi pakati."

Za chala cha ba Gift sanatchule.

Akuti mwini famu adikira mpaka kutha kwa mwezi. Wantchito akaipeza nswala ija, ndi yathu. Ndafunsa ngati amazipeza. Akuti afisi amazipeza.

Madamu wina wa ku Kabulonga waimba kufunsa mwendo wake. Nambala yanga anampatsa ndi ba Gift. Ndamuuza kuti mwendo ukadali pa mwini wake. Wadula. Ndamuimbiranso kumufunsa ngati alibe mpopi wodontha. Wadulanso.

Masana amake Dali agwira m'chiuno, akuluma mlomo. Ndathamanga kwa ba Chanda wopanda nsapato. Pobwera tapeza akusenda mbatata, akuti zapita, mwana amangotembenuka. Ba Chanda akanda mutu pakhomo. Akuti tsikulo ndisafune takisi, ndingogogoda pawindo, kaya ndi nthawi yanji, kavani idzuka. Ya mafuta ndidzawapatsa mwana akayamba sukulu.

Takisi ndafufuta pa mndandanda wa zofunika.

Amake Dali sananene "ndinakuuzani." Ndadikira tsiku lonse. Atsegula sutikesi, atulutsa zitenje zawo zakale, akuzichapa chimodzichimodzi. Akuti khanda silidziwa chitenje chatsopano. Ndawathandiza kufinya. Kenaka akuti, "Mawa mudzuke m'mawa, atate a Dali. Muyambire Chilenje, nyumba ndi nyumba. Zimbudzi za Lusaka sizingakhale bwino zonse."

Zipangizo ndalongedza kale m'chikwama.

Kwinakwake kuseri kwa Chongwe nswala yanga ikudya udzu, ikutsimphina pang'ono.

M'chitini: K100.

Ngongole: gawo langa kufamu, K1,000. Gawo la ba Gift, K1,000, poti amene anagwirana chanza ndi ba Mvula ndine, ndipo foni ya alamu yazima. Firiji yomwe sitinaikemo kanthu, K150.

Zotsala kulipira: K2,150.