Aliyense ndi Mzere Wake

Lolemba
Apongozi, lembani monga ndikunenera, osakonza. Mwana wanga wamkazi Mwatitha, wokonza nsanja za mafoni ku Chipata, wandifotokozera ntchito yake. Akuti mawu a anthu ambirimbiri amayenda nthawi imodzi m'njira imodzi osagundana, chifukwa aliyense amapatsidwa mzere wake, wina wokwera, wina wotsika, pakati n'kusiya mpata. Ngati mizere ya mtedza. Nzeru zotuluka m'mimba mwanga izi! Nanga ife tikuchedweranji? Misonkhano ya chinkhoswe chake ikungotithera dzuwa podikirana kulankhula. Akuchimuna ku Mlolo akudikirabe tsiku.

Lachiwiri
Ndagawa mizere, tonse tizilankhula nthawi imodzi:
alongo anga a Bitoni, mawu otsika;
ine, apakati;
azakhali ake a mwana, okwera;
amuna anga ndiwo mpata uja, azikhala chete.

Lachitatu
Azakhali akukana, ati mawu okwera ndi a ana. Aliyense akufuna otsika! Pabwalo pakungomveka ngati m'khola la ng'ombe. Amuna anga okha ndiwo akugwira bwino ntchito yawo. Agona.

Lachinayi
Zatheka! Tonse talankhula, tonse tamaliza madzi a pamoto asanawire. Kuseri kwa mpanda anthu akuseka. Nsanje basi. Alongo akwera njinga kukapereka tsiku ku Mlolo.

Lachisanu
Ine ndinanena Loweruka la mwezi wamawa, tikagulitsa thonje. Azakhali akuumirira kuti anati mvula ikayandikira. Alongo ati ku Mlolo ananena tsiku lomwe anamva iwo, Loweruka. Loweruka liti? Akungokanda kumutu.

Loweruka
Ngolo pakhomo! Akuchimuna, nthungululu, zitenje zatsopano. Ife thobwa tilibe, nkhuku zikuthamanga pabwalo, mwini chinkhoswe ali pamwamba pa nsanja ku Chipata. Ndawalandira ndi mtedza wokazinga. Amayi a mnyamata akufunsa motsitsa mawu: "Kapena kuno mwana simukufuna kumupereka?" Manyazi!

Lamulungu
Ndamuimbira Mwatitha kumuuza kuti nzeru zakezo n'zabodza. Waseka mpaka kutsokomola. Ati kumapeto kwa njirayo kumakhala makina osefa, opatula mawu a aliyense n'kuwapereka kwa woyenera kumva. Chimenecho sanandiuze Lolemba. "Nanga kwanuko womvetsera anali ndani, amayi?" Ndayang'ana amuna anga. Ali mtulo.

Mawa ndikupita ku Mlolo ndi tambala kukapepesa. Alankhule mmodzimmodzi, ine ndidikira, ngakhale dzuwa lilowe.