Sabata Imene Ndinaletsa Chichewa Pakhomo

Lolemba

Mwayi wagwa! Bungwe lokumba mijigo likufuna womasulira woti aziyenda ndi mzungu wawo m'midzi. Mayeso Loweruka ku boma. Ntchito ya pamwezi, ine! Khasu iwe, tsala bwino. Matipate wabwera ndi zokoma ndithu.

Ndabwereka dikishonale kwa aphunzitsi a ku Magaleta. Malamulo a pakhomo pano kuyambira lero:

mawu khumi atsopano pa tsiku;
Chichewa ayi, ngakhale poitana nkhuku;
wophwanya lamulo azivala chigoba cha nkhono m'khosi, monga tinkachitira ku pulayimale.

Mkazi wanga, amake Tiyamike, angondiyang'ana n'kupitiriza kusenda mbatatesi.

Lachiwiri

Divelopumenti. Komyuniti. Sasitenabo! Mawu onona bwanji! Ndikuwabwereza mokweza pakhonde. Ndalonjera mbuzi m'Chingerezi, sizinadabwe n'komwe.

Amake Tiyamike apeza njira yozembera chigoba: sakulankhula. Akungoloza ndi mlomo. Koma ine ndapunthwa pa chitsa n'kukuwa, "Mayo ine!" Andiveka okha chigobacho, mwaulemu wonse, chogwada.

Lachitatu

Chigoba chikadali kwa ine. Dikishonale imeneyi ndi yankhanza, ikutanthauzira Chingerezi m'Chingerezi chomwecho. Liwu limodzi likubereka asanu osadziwika, asanuwo nawo ali ndi ana. Dzuwa lapendeka ndikadali pa tsamba limodzi.

Palibe kanthu! Ndaloweza malonje aatali oti ndikamugwetse nawo mzunguyo. Ndawanena kasanu ndi kawiri pamaso pa mkazi wanga akupeta tirigu.

Lachinayi

Apongozi atulukira ndi dengu la manachesi. Ine mkamwini, mudzi ndi wawo, munda ndi wawo, ndiwalonjere m'Chingerezi? Ndanjuta patali, ndawomba m'manja, Chichewa chonse chakhuthuka chokha.

Aona chigoba. Ndikuwamva akunong'oneza mwana wawo: "Kodi bambo a Tiyamike akudwala chiyani? Sing'anga wake ndi wa kuti ameneyu?"

Manyazi ake! Mawu a lero: awiri.

Lachisanu

Mudzi wonse wamva kuti ndavala chithumwa. Akulu a mpingo atatu afika ndi Mabaibulo kudzandibweza. "Mbale, chithumwa ndi mtanda siziyendera limodzi." Ndafotokoza za pulayimale, andiyankha ndi nyimbo. Pemphero mpaka masana, lonse m'Chichewa, ine ndikuvomera ameni. Chigoba achiponya m'chimbudzi.

Mawu a lero: palibe. Koma malonje aja ali m'mutu, jekete lasitidwa. Mawa aona!

Loweruka

Ku boma. Amake Tiyamike anditsata kudzagulitsa mbatatesi, akhala pakhomo pa ofesi ndi dengu lawo.

Mzungu wake ndi mayi. Malonje ndawanena onse osapuma, wamwetulira, mtima wanga mbee! Kenaka wafunsa funso, mothamanga ngati wailesi. Ndati, "Yesi." Wafunsanso. "Yesi." Thukuta mpaka m'nsapato.

Mwadzidzidzi wina akuyankha kuchokera pakhomo. Chingerezi cha timawu tating'onoting'ono, chosalala, chopanda sasitenabo ngakhale mmodzi. Kucheuka, ndi mkazi wanga! Kani mzunguyo amangofunsa kuti kwathu madzi timatunga kuti.

Aitanidwa kulowa. Ine ndatulutsidwa kukalonda mbatatesi.

Lamulungu

Ntchito atenga ndi amake Tiyamike. Ndinkadziwa kuti anafika Fomu 2, koma ndinkayesa kuti zinachapidwa pamodzi ndi matewera. Ndafunsa chifukwa chimene anakhalira chete sabata yonse. Akuti, "Kodi munandifunsapo, bambo?"

Zikundiwawa, ndisaname. Komanso ndikunyada, nanga ndi wa ndani? Dikishonale ndabweza, khasu ndanola. Mawa ndiwaperekeza pa njinga mpaka ku boma.

Chingerezi ndinachiitana ndi ine m'nyumba muno, koma chapeza kuti mwini wake analimo kale.