Tchaja Sinafike, Tambala Anakwera Sitima

Anzanga, inu amene munali pa chinkhoswe cha Dalitso ku Armadale munangoona mathero, ndipo ndamva kuti nkhaniyi ikukula tsiku ndi tsiku, ena afika ponena kuti ndinagona kupolisi. Bodza limenelo! Lekani ndiikambe ndekha, mwadongosolo, kuyambira pachiyambi monga tinaphunzitsidwira.

Ine Kachingwe ndinakulira pa sukulu ya mishoni kumapiri a Dedza, kumene belu linali mkombero wa lole wopachikidwa pamtengo. Likalira iwe usanafike pamzere, unkadziwa wekha kuti lero ukatchetcha udzu, panalibe zokambirana. Ahedi athu, munthu wamtali wosaseka, ankayendera mzere m'mawa uliwonse akuyang'ana nsapato, ndipo ife opanda nsapato tinkadzola mafuta m'mapazi kuti nafenso tiwale. Iwo ankati munthu wosamala nsapato zake sanganame. Madzulo, jenereta isanazime, kapitawo wa hositelo ankazungulira kuzimitsa swichi iliyonse, ndipo kapitawoyo ndinali ine. Masiku abwino amenewo, chilichonse chinali ndi malo ake! Koma sungani zinthu ziwirizi, nsapato ndi maswichi, chifukwa ndi zimene zandigwetsa kuno ku Perth, ku Australia, imvi zili mbuu.

Nditapuma pantchito ndinagulitsa galimoto yanga ya petulo n'kugula yamagetsi. Sichita phokoso, sidontheza oilo m'galaja, galimoto yaulemu. Chimene chinatsala ndi tchaja ya pakhoma, ija imadzaza batire usiku umodzi. Ndinapeza kakampani kena ku Welshpool, ndipo tinapita ndi mayi a kunyumba, a Nabanda. Abale, nditalowa mtima unangoti myaa. Pansi posesedwa, masipanala opachikidwa pakhoma kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, mwini wake mnyamata wa konkuno, shati yositidwa, nsapato zowala moti ndinadziona nkhope. Anati ndilipiretu, matchaja ali m'sitima ya pamadzi, akubwera.

A Nabanda anandikoka jekete. "Bambo, bwanji tiione kaye?"

"Mayi," ndinatero, "nsapatozo mwaziona?"

Ndinalipira. Ndikanalekera pomwepo bwenzi manyazi ali a m'nyumba mwanga mokha. Koma ayi, ndinasanduka mlaliki wa kampaniyo. Kumapemphero athu a Lamlungu ine ndi amene ndimatseka chitseko nthawi ikakwana, wochedwa amaima panja mpaka nyimbo ithe, choncho ndikalankhula anthu amamvera. Amene ndinamukola kwambiri ndi mnzanga wa ku Chipata, a Tembo, amalume ake a Misozi, mtsikana amene Dalitso, mwana wa mlongo wanga, ankafuna kukwatira. A Tembo galimoto yamagetsi analibe n'komwe, ankangoiganizira, koma analipira tchaja chifukwa a Kachingwe anena.

Kunyumba ndinayeza pakhoma la galaja, n'kupakapo penti yoyera malo amene tchajayo idzakhale, monga tinkapakira laimu miyala ya m'mbali mwa msewu alendo aakulu akamabwera ku mishoni. Malo anakonzeka, mlendo osafika. Ndikaimba foni, mnyamata uja ankayankha mwaulemu kwambiri. Sitima yachedwa panyanja. Sitima yafika ku Fremantle koma katundu sanatsitsidwe. Katundu watsitsidwa koma woika magetsi wadwala. Kenaka foni inayamba kungolira yokha. Nditapita ku Welshpool ndinapeza potseka, ndinasuzumira pawindo: mulibe sipanala, mulibe mpando, mulibe kanthu. Koma pansi, anzanga, posesedwa bwinobwino! Ngakhale pothawa mwanayo anasesa. Ndinatsala pang'ono kumuyamikira.

Kuyambira pamenepo ndinkatchaja ndi kachingwe kamene kanabwera ndi galimoto, kolowetsa pa soketi wamba, kamene kamadontheza magetsi ngati mpopi wa m'chilimwe. A Tembo sanandikalipire. Ankangoti tikakumana, "Ba Kachingwe, sitima yathu ili pati manje?" Bola akanandimenya.

Ndiye chinkhoswe chinafika, ine nkhoswe ya kuchimuna. Mwambo mukuudziwa: ife timapereka tambala, akuchikazi amatipatsa thadzi, pamenepo ndiye kuti ukwati wamangidwa. Achinyamata anati, "Malume, kuno ndi ku Australia, tingogula nkhuku yootcha kusitolo." Ndinawayang'ana mmodzimmodzi mpaka anaweramitsa mitu. Nkhuku yootcha? Kodi tikumanga banja kapena tikupita kupikiniki? Ndinawauza kuti tambala adzakhala wamoyo, ndipo ndidzabwera naye ndekha, pa nthawi yake.

Lachisanu ndinayenda ulendo wautali kukagula tambala pa famu ina kuseri kwa mapiri, tambala wofiira wa lipombo lake, wooneka kuti kwawo ankalamulira. Pobwerera batire inali itatsala pang'ono kutha. Ndinalowetsa kachingwe kaja pa soketi, n'kuwerengera kuti pofika m'mawa tikhala ndi magetsi okwanira kukafika ku Armadale. Tambala ndinamuika m'katoni ya mabowo m'chipinda chochapira. Titatha kupemphera, ndinayamba kuzungulira nyumba monga ndachitira moyo wanga wonse. Wayilesi, thwa. Ketulo, thwa. Kanema, thwa. Galaja, thwa. Sindinaganize kanthu, dzanja linagwira lokha ntchito yake.

M'mawa ndili mu suti, nsapato zikuwala, a Nabanda atatchena chilundu, katoni ili kumbuyo. Ndinadina batani, galimoto n'kundiuza kuti mphamvu imene ili nayo ndi yokafika pa mphambano n'kubwerera. A Nabanda anatsika, anayang'ana swichi, anandiyang'ana ine.

"Akapitawo, mwagwira ntchito," anatero.

Ndinaitanitsa tekisi. Dalaivala ataona mlomo wa tambala utatulukira pabowo anapukusa mutu n'kuliza galimoto, kutisiya pomwepo. A Nabanda anati tiimbire ana adzatitenge. Ine? Kuimbira ana omwewo amene ndimawaimika panja akachedwa? Ndinati tikwera sitima ya pamtunda.

Pa siteshoni pali chikwangwani chonena poyera kuti nyama siziloledwa, kupatula agalu otsogolera anthu osaona. Ndinachiwerenga, ndinachimvetsa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinachita ngati sindidziwa Chingerezi. Tinafunditsa katoni ndi chitenje kuti tambala aziyesa usiku, n'kukhala pakona. Sitima itanyamuka ndinayamba kukumbuka basi ya kwathu, tikupita ku teremu yatsopano, nkhuku zili pansi pa mipando, mbuzi pamwamba, mayi wina akukupatsira chinangwa osakudziwa n'komwe. Ndani ankafunsa za nkhuku? Kondakitala ankangoti, "Igwireni miyendo, achimwene." Ndinkamwetulira ndekha, maso ali kunja, pamene ndinaona nsapato ziwiri zakuda zitaima patsogolo panga. Zowala. Ndinadziwa kuti kwatha.

Anali mayi wa yunifolomu, woyang'anira m'sitima. Anafunsa m'Chingerezi kuti m'bokosimo muli chiyani.

"Mphatso ya ukwati," ndinatero. Chimenecho chinali choonadi.

"Ndi chamoyo?"

Anzanga, ine wotseka chitseko cha tchalitchi, ine amene sindinaberepo mayeso, ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti ayi. Katoni inagwedezeka. Mayiyo anafunsanso, ine n'kubwereza kuti ayi ndithu. Pomwepo mphepo ya pachitseko inakankha chitenje, kuwala kunalowa pabowo, ndipo mwini wake anayankha yekha: kokoliliko!

Sitima yonse inafa ndi phwete. Mafoni m'mwamba, kujambula. A Nabanda anaweramira kukhutu kwanga n'kunong'ona, "Inu munaphunzira ku mishoni. Ya munthu wokana mpaka tambala kulira, mukuidziwa mathero ake."

Mayi uja sanakweze mawu. Anatitsitsa mwaulemu pa Kelmscott, Armadale ili pafupi pomwepo, nthawi itakwana kale. Kuholo anthu adzaza, Misozi akudikira, Dalitso amene anachita kupempha tchuthi kumgodi akutuluka thukuta, ndipo popanda tambala palibe chimene chikanayamba. Kunyada kunandithera. Ndinatulutsa foni n'kuimbira munthu mmodzi amene ndinkapemphera kuti asadziwe.

"Ba Kachingwe, muli kuti kansi?" anayankha a Tembo. "Bantu bonse bafika, kwasala imwe na nkhuku. Bamai ba Misozi kuno bayamba kufunsa ngati banja yanu imasunga mau."

Anabwera pa chigalimoto chawo chakale cha petulo, chikufuka utsi ngati uvuni wa njerwa. "Kwelani, mudala," anatero akutsegula chitseko. "Iyi siyembekeza sitima ya pamanzi." Njira yonse ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Tambala yekha ndi amene ankacheza.

Titafika tinapeza chitseko cha holo chotseka, m'katimo akuimba. A Tembo analowera khomo la kumbuyo, poti iwo anali atafika kale, a Nabanda n'kulowa nawo. Ine ndinagogoda. Anasuzumira mayi wina wa m'kwaya amene ndinamuimikapo panja kambirimbiri.

"Pepani bambo," anatero, nkhope ili gwa, "mudikire nyimbo ithe. Lamulo ndi lanu lomwe."

Ndinaima padzuwa, tambala m'khwapa, nthenga pa suti, ndipo ndikukhulupirira kuti nyimboyo anaibwereza dala, chifukwa ine ndimaidziwa, si yaitali choncho.

Nthawi yosinthana itakwana ndinagwada bwinobwino n'kupereka tambala. A Tembo anamulandira ndi manja awiri, anamutembenuza uku ndi uku, anamukweza m'mwamba kuti aliyense aone, n'kunena pa maikolofoni:

"Abale, ombani m'manja. Pa vintu vonse vamene ba Kachingwe bananilonjeza, ichi ndiye choyamba kufika!"

Nthungululu, abale! Dalitso anaseka mpaka misozi, Misozi nayenso chimodzimodzi, thadzi tinalandira, ukwati unamangidwa. Ine ndinaseka nawo, nanga n'kutani?

Malo oyera aja akadalipo pakhoma la galaja, opanda kanthu. A Nabanda akana kuti ndifute, akuti ndi chikumbutso, ndipo pa swichi ija amatapo pulasitala yaikulu ngati pachilonda. Madzulo ndikamazungulira, ndikafika pamenepo dzanja limanyamuka, ine n'kulibweza ndi linzake. Ahedi athu, Mulungu awasunge kumene ali, anatiphunzitsa zambiri zabwino, koma pa za nsapato anaphonya. Ndalumbira: sindidzalipiranso chinthu chimene sindinachigwire ndi manja angawa, ngakhale wogulitsayo atavala magalasi kumapazi. Ndipo inu achinyamata amene mukufuna ndidzakhale nkhoswe yanu, ndavomera, koma nkhuku ikhale yootcha. Imeneyo siyankha mafunso.